Musanagule nyumba ku Gauteng, funsani za nthaka

Abale anga amene mwasunga kandalama kuti mugule nyumba ku South Africa, chonde musangokopeka ndi penti ndi matailosi. Madera a m'chigawo cha Gauteng ngati Centurion, Carletonville, Khutsong ndi mbali zina za Ekurhuleni ali pamwamba pa mwala wa dolomite. Mwalawu umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi, n'kusiya mapanga pansi. Tsiku lina nthaka imangotitimira. Mu 1964 ku Blyvooruitzicht, pafupi ndi Carletonville, dzenje lotere linameza nyumba usiku, banja la anthu asanu lili m'katimo.

Nthawi zambiri chimene chimayambitsa ngoziyi ndi madzi odontha m'mapaipi kapena m'suweji. Choncho pokaona nyumba, tsekani mipopi yonse, muyang'ane mita ya madzi. Ngati ikuyendabe, paipi ikutaya madzi penapake. Zungulirani bwalo lonse, makamaka mvula itangogwa. Pali malo amene madzi akungodikha? Pali pamene nthaka yalowa ngati mbale? Onaninso ming'alu yotsata mizere ya njerwa, zitseko zovuta kutseka, ndi khoma limodzi lopakidwa penti watsopano pomwe ena onse ali akale. Limenelo ligogodeni, mufunse chifukwa chake.

Maso anu okha sakwanira. Council for Geoscience, bungwe la boma lofufuza za nthaka ndi miyala ku Pretoria, limasunga malipoti a nthaka ya dolomite, ndipo kulipira katswiri woyendera nyumba si kuwononga ndalama. Ngati mukugula kudzera kwa ejenti, lamulo limafuna kuti mwini nyumba alembe zilema zimene akuzidziwa pa fomu yake. Iwerengeni musanasaine. A inshuwalansi nawo akuuzeni molemba ngati amalipira nthaka ikatitimira, chifukwa si onse amene amatero.