Mudzi wonse ukutsokomola, koma kaundula wanga ali mbee

Chiyambireni mphepo ya mwera mu June muno, ndikamadutsa m'mudzi madzulo ndimamva chifuwa pafupifupi khomo lililonse. Koma ine mlangizi wa zaumoyo ndikatsegula kaundula wa kiliniki ya m'mudzi, masamba ali mbee. Anawo ali kumsana kwa amayi awo, atamwetsedwa Bactrim wa pagolosale, theka la piritsi m'mawa, theka madzulo, mawa lake basi.

Ndanena izi mpaka kukhosi kwauma. Chimfine chimabwera ndi vayirasi. Kubanika kwa makanda kuja, kumene pachifuwa pamalira ngati kamluzu, nthawi zambiri ndi vayirasi inanso yotchedwa RSV. Bactrim kapena amoxicillin saikhudza vayirasi ngakhale pang'ono. Ndalama mwataya, ndipo tsiku limene mwana adzadwale chibayo chenicheni, mankhwala omwewo akhoza kudzakana chifukwa tizilombo tinawazolowera.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'china. Mwana amene sanalembedwe, kwa a zaumoyo ku boma sanadwale. Lipoti langa limapita kuchipatala chaching'ono, kuchoka apo ku ofesi ya boma, ndipo iwo amaona manambala amenewo kuti adziwe dera limene matenda akwera ndi kumene mankhwala akufunika. Ine ndikatumiza lipoti la ana atatu pamene odwala ndi ochuluka, mukuti atiganizira bwanji? Kenako ndinu nomwe mudzadandaule kuti kukiliniki kulibe kanthu.

Bambo wina wolima mbatatesi kudimba ndinamupeza sabata zapitazo, khanda lake likupuma mothamanga. Anandiyankha kuti ndi kachimfine ka chisanu chabe, abwera nalo akamaliza kuthirira. Bambo yemweyu nkhuku zake zitagwidwa chitopa anathamangira kwa alangizi a ziweto mbandakucha, atawerenga kale zofa ndi zosinza. Za mwana, sanadziwe n'komwe kuti chifuwa chinayamba liti. Patapita masiku awiri anamutengera kuchipatala usiku pa njinga yamoto, mwana anakaikidwa pa mpweya, ndipo mbuzi inagulitsidwa. Anachira, mwamwayi. Nditapita kukazonda ndinapeza mbaula ikufuka m'chipinda chomwecho, chitseko ndi zenera zotseka, ati mwana asazizidwe.

Zochita mukuzidziwa. Mwana ali phee, muvuleni pachifuwa, werengani mpweya kwa mphindi yathunthu. Wosakwana miyezi 2 akafika 60, wa miyezi 2 mpaka chaka akafika 50, wa chaka mpaka zaka 5 akafika 40, bwerani naye tsiku lomwelo. Pansi pa nthiti pakamalowa mkati, akamakana bere, akamakomoka kapena kulefuka, musandidikire ine, pitani kuchipatala. Katemera wa chibayo alipo kusikelo kuyambira 2011, onani ngati wanu analandira onse atatu. Mbaula panja. Ndipo ngakhale chikhale chimfine wamba, bweranibe ndimulembe, kabuku kake ka kuchipatala musakaiwale.