Laputopu ikungothamangira ku Windows: konzani ndi efibootmgr

Achimwene a ku Salima, mwati laputopu yanu ili ndi Ubuntu ndi Windows, koma mukayatsa ikungolowa mu Windows. Tikonza ndi efibootmgr, pulogalamu yosinthira mndandanda umene kompyuta imatsata posankha choyamba kuyatsa.

Musanayambe, batire likhale lodzadza, poti magetsi kuno sachedwa kuthima. Lowani mu Ubuntu, kaya kudzera pa fulashi yokhala ndi Ubuntu.

1. Mu terminal (zenera lolembamo malamulo) lembani ls /sys/firmware/efi. Fodayi ikapanda kupezeka, kompyuta sinayake mu UEFI (njira yatsopano yoyakira kompyuta) ndipo njirayi sigwira.

2. Lembani sudo efibootmgr. Muona mizere ngati Boot0000 Windows Boot Manager ndi Boot0003 ubuntu, komanso BootOrder, mndandanda wa manambala umene kompyuta imatsata poyaka. Ijambuleni ndi foni.

3. Yesani kaye kamodzi: sudo efibootmgr -n 0003 (pa 0003 ikanipo nambala ya ubuntu yanu), kenako muyatsenso kuti muone ngati ilowa mu Ubuntu.

4. Zikatheka, khazikitsani: sudo efibootmgr -o 0003,0000,0001. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Lamuloli limalemba mndandanda wonse mwatsopano, ndiye nambala imene mwaisiya imachoka pa mzere. Lembani zonse za pa BootOrder yanu, kuyambira ndi ya ubuntu, osakopera zangazi.

Chonde -B ya efibootmgr musayikhudze. Imafufuta mzere wa Boot osafunsa, ndipo ndinaonapo mnyamata wina ku Kamuzu Road atagwira tsaya, Windows yake itasowa pa mndandanda.