Mapepala anu musawasiye pa malo a lendi a pa intaneti

Abale amene muli kunja, malo osungira zithunzi ndi mapepala pa intaneti amene mumalipira mwezi ndi mwezi si anu ayi. Mukuchita lendi, ndipo ndalama ikalephera kutuluka ku banki mwini nyumba amayamba kutseka zitseko. Google imapereka 15 GB yaulere, iCloud ya Apple ndi OneDrive ya Microsoft 5 GB zokha, ndipo malowa sachedwa kudzaza, makamaka kuyambira mu June 2021 pamene Google Photos inasiya kusunga zithunzi mopanda malire. Malo a Google akadzaza, Gmail imasiya kulandira makalata, ngakhale atachokera kwa abwana anu.

Ine zinandigwera ku Johannesburg. Mnyamata wina wa pa sitolo ya mafoni, posamutsa zinthu zanga kuti zilowe mu foni yatsopano, ananditsegulira akaunti, n'kulembetsa malo olipira pa khadi langa la ku banki osandiuza, ndipo nambala yotsimikizira imene analembamo inali ya simu ya pa sitolopo. Foniyo itabedwa m'takisi, akauntiyo inafuna manambala achinsinsi amene ankapita ku simu ija.

Nditabwerera ku sitoloko, mnyamatayo sanadzutse n'komwe mutu pa foni imene ankakonza. Anangoti, "Bwana, zimenezo si za ife, lankhulani ndi kampani," ndipo simuyo anati inatayika kalekale. Kampani nayo ilibe ofesi yoti munthu ungakagogode. Inandipatsa fomu ya pa intaneti yofunsa mafunso amene mayankho ake ankawadziwa mnyamata yemweyo. Zithunzi za maliro a mayi anga ku Mulanje, ndi mapepala a malipiro amene ankafunika pokonzetsanso chiphaso changa chogwirira ntchito, zonse zinatsekeredwa m'menemo, pamene ndalama zinkadulidwabe mwezi uliwonse mpaka ndinakatseketsa khadi ku banki.

Tsono musapereke foni kwa munthu kuti akutsegulireni akaunti inu muli chapatali. Imani pompo, nambala ikhale yanu. Musanasiye simu ya TNM kapena Airtel, yambani mwasintha nambala mu akaunti, chifukwa simu yokhalitsa osagwira ntchito imatsekedwa n'kupatsidwa wina.

Ndipo tandiuzani, mukulipirira chiyani kwenikweni? Pa mafoni a Android, makope a mauthenga, zithunzi ndi mavidiyo amene WhatsApp imasunga pa intaneti tsopano amadya malo omwewo a Google, kutanthauza kuti ambiri mukupereka ndalama za thukuta kusungira mavidiyo a nthabwala a m'magulu. Fufutani zimenezo kaye. Musanamizidwenso kuti kusiya kulipira n'kophweka: muyenera kuyamba mwatsitsa zonse, ntchito yofuna bandulo yambiri, choncho ichiteni mudakali kunja pamene pali Wi-Fi, osati mutabwerera kumudzi.

Pasipoti, chiphaso, kalata ya ntchito ndi mapepala a sukulu zikhale pa fulashi imene muli nayo m'manja, ndipo mafotokope ake akhale kwa m'bale wodalirika amene sakhala nanu nyumba imodzi.