Mmene mungalongedzere popita kukaphunzitsa kusoka quilt

Anzanga amene mwayamba kuitanidwa kutali kukaphunzitsa quilt (chofunda chosokedwa polumikiza tizidutswa ta nsalu), ntchito yambirani kunyumba. Ine nsalu ndimazichapa kaye chifukwa za thonje zimafupika zikanyowa komanso zofiira zimakonda kusuluka, kenako kusita, kudula tizidutswa ta mainchi 2.5 mbali zonse n'kuika 9 m'kajumbo, aliyense kake, ndiye tsiku loyamba anthu amangofikira kulumikiza osataya nthawi ndi sizasi.

Nkhani yagona pa msoko. Uzikhala kota ya inchi basi kuchokera m'mphepete mwa nsalu, pafupifupi mamilimita 6, chifukwa mukaphonya pang'ono pa kachidutswa kalikonse pofika kumapeto kwa mzere makona sakumananso, ndipo wophunzira amagwa ulesi, zimandiwawa kwabasi zimenezi. Ndiye matani tepi pamashini kuti nsalu izitsatira pamenepo, ndipo posita msoko uzigonekeredwa ku nsalu yakuda kuti usaonekere.

Ngati mukukwera ndege, rotary cutter (kampeni kozungulira kodulira nsalu) ndi sizasi yaikulu ikani musutikesi yayikulu, m'chikwama cham'manja amalanda. Singano zamashini tengani zambiri, zimathyoka. Musaiwalenso quilt imodzi yomalizamaliza kuti ophunzira aigwire okha, amve pamwamba, thonje lapakati ndi nsalu yakumbuyo mmene zagwiranira.