Mmene mungakoperere makaseti akale pa kompyuta mawu osang'ambika

M'nyumba zambiri ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni muli katoni ya makaseti a kwaya, ulaliki kapena ukwati wa makolo. Kuwakopera pa kompyuta si kovuta, koma ambiri amalakwitsa pa mphamvu ya mawu. Nyimbo imatuluka ikung'ambika, apo ayi imamveka patali pakati pa phokoso la "sssss".

Yambani ndi chingwe. Chichokere pa Line Out (potulukira mawu) ya wailesi ya kaseti, pamabowo awiri aja, lofiira la kumanja ndi loyera la kumanzere. Musachilowetse pabowo la maikolofoni la laputopu. Bowolo limayembekezera mawu ofooka kwambiri, ndiye a wailesi amalisefukira, ndipo nthawi zambiri limalandira mawu a mbali imodzi yokha, osati a kumanja ndi kumanzere onse. Pezani kabokosi ka USB kokhala ndi Line In (polowera mawu). Ngati kali ndi batani la +4 dBu ndi -10 dBV, sankhani -10, chifukwa ndiwo muyeso wa zida za m'nyumba. Kusiyana kwake ndi pafupifupi 12 dB (dB ndi muyeso wa mphamvu ya mawu).

Pukutani hedi ya wailesi, kachitsulo komwe tepi imakhudza ikamalira, ndi thonje lonyowetsa ndi spiriti, idikireni iume. Fumbi la mu Okutobala limabisa mawu opyapyala. Kaseti ikalembedwa Dolby B, yatsani batani la Dolby B pa wailesi, lochepetsa phokoso la "sssss". Ikapanda kulembedwa, lisiyeni lozimitsa.

Tsopano tsegulani Audacity, pulogalamu yaulere, musankhe 44,100 Hz ndi 24-bit (miyeso ya ubwino wa kajambulidwe) kabokosi kanu kakalola. Musathamangire kujambula. Fufuzani kaye pamene tepi ikusokosera kwambiri, monga pamene ng'oma zalowa kapena amayi ayamba nthungululu. Liziranitu pamenepo uku mukuyang'ana mita yoonetsa mphamvu ya mawu mu Audacity. Tsitsani kapena kwezani mphamvu ya mawu olowa mpaka mawu okwera kwambiri azifika cha pa -6 dB. Pa kompyuta 0 dB ndi denga: mawu akaligunda amadukiratu, ndipo palibe pulogalamu yowabwezeretsa bwinobwino. Izi zikusiyana ndi kujambula pa tepi, pomwe singano inkatha kulowa pofiira pang'ono osaononga kanthu. Achikulire amene anazolowera zimenezo ndi amene amakonda kukweza mopitirira.

Mukakhazikitsa muyeso, bwezani tepi poyambira, jambulani mbali yonse osakhudzanso batani. Kaseti ina ikabwera, yesaninso, popeza aliyense ankajambula pa muyeso wakewake.

Mukamva kung'ung'uza kwapansipansi, ndi magetsi athu a 50 Hz. Zulani chaja, laputopu iyende pa batire, kawirikawiri kumatha.

Pomaliza sungani fayilo ya WAV (mtundu wosapanikiza mawu) yosakhudzidwa. Pa kope lina gwiritsani ntchito Normalize, chida cha mu Audacity chokwezera mawu, muike -1 dB, mbali yonse nthawi imodzi, kuti nyimbo yodekha ikhalebe yodekha. Mawu a kumanja kapena a kumanzere akamveka ofooka, akonzeni pano. MP3 yotumizira abale pa WhatsApp ichokere pa kope limeneli.