Zokongoletsa za Khirisimasi za fulawa ndi mchere

Ngati mwatopa ndi kugula zokongoletsa mtengo wa Khirisimasi zomwe zimasweka chaka ndi chaka, pangani zanu pamodzi ndi ana. Ine ndinayesa chaka chatha ndipo zonse zikadali bwinobwino.

Sakanizani makapu 2 a fulawa, kapu 1 ya mchere wosalala ndi madzi osapitirira kapu 1. Madziwo muzithira pang'onopang'ono uku mukukanda, mpaka mtandawo usiye kumata m'manja. Fulawa ikhale yopanda zofufumitsa, apo ayi zidzatupa n'kung'aluka. Yalani mtandawo ndi botolo, kenako dulani nyenyezi, mitima kapena mabelu. Wamng'ono kwambiri mumusiyire chigawo chochindikalako, angodindapo kadzanja kake. Chimenechi ndiye chimandigwira mtima: tizala tonse tisanu timatuluka, ngakhale timizere ta m'chikhatho.

Boolani kabowo kodutsa ulusi musanaike mu uvuni, chifukwa zikauma sizibooleka. Moto ukhale wochepa, madigiri 100, kwa maola 2 kapena 3, ndipo muzitembenuze nthawi ikafika pakati. Moto waukulu umapsereza kunja m'kati mukadali muwisi.

Zikazizira ana azipente, inu mulembe dzina ndi chaka kuseri kwake. Mchere wochulukawo ndi umene umaletsa nkhungu, koma umakokanso chinyontho, choncho zipakeni vanishi mbali zonse ndipo muzisunge m'chitini chotseka bwino. Poti zimaoneka ngati mabisiketi, zipachikeni pomwe makanda ndi agalu sangafikire. Mchere wake ndi woopsa akadya.