Momwe mungasamalire mandimu ndi malalanje a m'ndowa m'nyengo yozizira ku Kasungu

Munthu wokhala m'nyumba ya lendi pa boma la Kasungu, kapena amene puloti yake ndi yaing'ono moti bwalo lonse lidathera pa khonde ndi chingwe choyanikapo zovala, angathe kukhala ndi mtengo wa mandimu, malalanje kapena manachesi poudzala m'ndowa kapena mu mgolo wodula pakati. Ubwino wake ndi wakuti tsiku losamuka mtengowo umakwera nawo galimoto limodzi ndi katundu. Vuto limabwera mu Juni ndi Julaye, pamene masamba amayamba kuchita chikasu ndi kuyoyoka, ndipo ambiri amafulumira kunena kuti chisanu chaupha. Kuno kwathu kuzizira sikufika kawirikawiri pomapha mtengo wotere. Chimene chimaupha kwambiri ndi madzi ochuluka amene mwini wake amathira chifukwa cha chifundo, komanso malo olakwika amene ndowayo yaikidwa.

Ntchito imayamba mu Meyi, mvula itangotha, ndipo choyamba ndi kuyang'ana pansi pa ndowa. Ipendekeni muone ngati mabowo ake akutulutsabe madzi, chifukwa pakutha pa dzinja amakhala atatsekeka ndi dothi kapena mizu. Ndowa ya malita 20 imakwanira mbande ya chaka chimodzi kapena ziwiri, koma mtengo umene wayamba kubereka umafuna chotengera cha malita 40 kapena kuposerapo, chokhala ndi mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi oti chala n'kulowa. Ikani ndowayo pa njerwa ziwiri kapena zitatu kuti madzi azidontha momasuka, ndiponso kuti mizu isatulukire pansi n'kugwira nthaka. Ngati dothi lake ndi makande kapena la pachulu lokhalokha, limauma ngati njerwa pamwamba pomwe mkati muli matope, ndipo mizu ya zipatso zamtunduwu sichedwa kuwola m'dothi lotero. Dothi loyenera ndi losakaniza magawo ofanana a dothi la pamwamba la m'munda, mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana bwino. Komabe kusamutsira mtengo m'ndowa ina kudikire mpaka kutayamba kufunda, chifukwa mizu yosokonezedwa m'nyengo yozizira imachedwa kuchira.

Kenaka sankhani malo. Popeza dziko lathu lili kumwera kwa equator, mzere wongoyerekeza umene umagawa dziko lapansi pakati, mu Juni ndi Julaye dzuwa limayenda cha kumpoto, choncho khoma loyang'ana kumpoto ndilo limawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse, pomwe mbali ya kumwera kwa nyumba imakhala pa mthunzi nthawi yaitali. Mtengo umene unkasangalala kuseri kwa nyumba mu Disembala ungapezeke kuti tsopano ukuona dzuwa ola limodzi lokha. Usunthireni pafupi ndi khoma la kumpotolo, pamene ungalandire dzuwa maola osachepera asanu ndi limodzi. Khoma la njerwa limasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku, komanso limatchinga mphepo yozizira ndi youma imene nyengo ino imachokera kumwera chakum'mawa. Amene nyumba zawo zili kufupi ndi dambo asamale kwambiri, chifukwa mpweya wozizira umatsetsereka n'kukaunjikana m'malo otsika, ndipo m'bandakucha kumeneko kumazizira kuposa kumtunda. Usiku umene kumwamba kuli mbee, nyenyezi zili ngwee ndipo mphepo yaleka, ndi umene chisanu chimagwa. Usiku wotere kokerani ndowa pa khonde kapena fundani mtengo ndi chitenje chakale kapena thumba la ziguduli, ndipo muchotse dzuwa likangotuluka. Pepala la pulasitiki lokhudza masamba silithandiza, ndipo likaiwalika mpaka masana limawaphika.

Tsopano nkhani ya madzi, imene ndiyo gwero la mavuto ambiri. Kukazizira kufika pansi pa madigiri 13, mitengo ya mtundu wa mandimu imangotsala pang'ono kusiya kukula, ndipo mizu yake imamwa madzi ochepa kwambiri. Munthu amene anazolowera kuthirira tsiku lililonse mu Okutobala akapitiriza chizolowezicho mu Julaye, ndowa imasanduka chithaphwi chozizira. Ndimu yanga yoyamba inafa motero. Ndinkaona masamba akulendewera ngati ofota, ine n'kumawonjezera madzi m'mawa uliwonse, mpaka tsiku limene ndinaizula ndipo ndinapeza mizu yakuda, yonunkha, khungu lake likusupuka ndi chala ngati nyemba zonyika. Mtengo womira ndi mtengo waludzu zimaoneka mofanana pamasamba, choncho musafunse masamba, funsani dothi. Lowetsani chala mpaka pa mfundo yachiwiri. Chikatuluka chonyowa kapena dothi litamatirira, dikirani. Chikatuluka chouma, thirani madzi okwanira mpaka ayambe kutuluka pansi, kenaka musiye mpaka dothi litaumanso. Nthawi zambiri zimenezi zimatanthauza kamodzi kapena kawiri pa sabata, ndipo nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa litakwera, osati madzulo, kuti mizu isagone m'madzi ozizira. Madzi a mijigo ina amasiya zoyera ngati mchere m'mphepete mwa ndowa. Mukaona zotere, kamodzi pa mwezi thirani madzi ambiri kuti atsuke dothi n'kutuluka pansi. Madzi ochapira zovala kapena otsukira mbale musathire m'ndowa konse.

Feteleza m'nyengo yozizira ndi kutaya ndalama. Urea kapena CAN wothira mu Juni amakakamiza mtengo kutulutsa timasamba tanthete timene timapsa ndi mphepo ndi kuitana nsabwe. Dikirani kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, pamene nsonga zayamba kuphuka, ndipo pamenepo thirani feteleza wa NPK wokwana supuni imodzi yaikulu pa ndowa ya malita 20, mozungulira m'mphepete osati patsinde, kenaka thirirani. Kuthira pang'ono mwezi uliwonse m'nyengo yofunda kuli bwino kuposa kuthira wambiri kamodzi. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu, ndipo phulusa lochuluka limachepetsa asidi amene mitengoyi imafuna m'dothi, mapeto ake masamba atsopano amatuluka achikasu, mitsempha yokha ili yobiriwira. Pamwamba pa dothi yalani udzu wouma kapena makoko a mtedza, amene kuno sasowa, koma musiye mpata wa zala zitatu kuzungulira tsinde kuti lisawole ndiponso chiswe chisapeze njira.

Kudulira kukhale kochepa. Chotsani nthambi zouma zokha, ndi mphukira zonse zotuluka pansi pa chipsera chimene anamezanitsira. Mphukira zimenezo zimakula mwamphamvu, zimakhala ndi minga yambiri, ndipo mukazilekerera lalanje lanu lidzasanduka ndimu ya khungu lokhakhala imene inali tsinde lake. Mbande yomezanitsa imayamba kubereka patatha zaka ziwiri kapena zitatu, pomwe yochokera ku njere imatha zaka zisanu kapena kuposerapo, motero m'ndowa ndi bwino kudzala yomezanitsa. Ngati mtengo waung'ono wabereka zipatso zambiri, thotholani zina zikadali zazing'ono, apo ayi udzalema n'kulephera chaka chotsatira. Kuzizira kwa usiku kuli ndi ubwino wake pano, chifukwa ndiko kumasintha khungu la malalanje ndi manachesi kuchoka kobiriwira n'kukhala lofiirira.

Kamodzi pa sabata tembenuzani masamba muone kunsi kwake. Nyerere zikamakwera ndi kutsika patsinde, dziwani kuti pamwamba pali nsabwe kapena tizilombo tomata tooneka ngati timamba ta nsomba, timene timatulutsa madzi otsekemera omwe pambuyo pake amadetsa masamba ngati mwaye. Sungunulani kachidutswa ka sopo wamtanda m'madzi, kapena nyikani masamba osinja a nimu usiku wonse, ndipo muwaze madzulo mobwereza pakatha sabata. Kukayamba kufunda mudzaonanso chinthu chooneka ngati chitosi cha mbalame patsamba. Imeneyo ndi mbozi ya gulugufe, ndipo ikakula imasanduka yobiriwira n'kumaliza nsonga yonse m'masiku owerengeka. Kuitola ndi manja n'kokwanira. Masamba akakhala ndi timatuza tambirimbiri, kapena nthambi imodzi ikachita chikasu cha mawangamawanga ndipo zipatso zake n'zopotoka ndi zowawa, pitani ndi nthambiyo kwa mlangizi wa zaulimi, chifukwa angakhale matenda amene kupopera sikuchiza.

Musaiwale mbuzi. Anthu akakolola ziweto zimayenda momasuka, ndipo m'chilimwe chouma tsamba lobiriwira la ndimu limaoneka patali. Tchingani ndi waya kapena nsungwi. Pofika mu Okutobala ndowa yakuda imatentha moti dzanja silingakhalepo, choncho ichotseni pa khoma lija, muikulunge ndi thumba loyera, ndipo mubwerere ku kuthirira kwa tsiku ndi tsiku mpaka mvula itagwa.